Njira Zinalipo Malire Asanadulidwe: Mbiri ya Umodzi wa Maiko a Kummwera kwa Africa

Amene anayendapo pa msewu wochoka ku Ntcheu kupita ku Dedza amadziwa malo aja pamene phula lenilenilo ndiye malire. Ukafika pa Lizulu nkhope italoza ku Dedza, kumanja kwako ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Mayi wosenza dengu la mbatata ya kachewere amangoyang'ana uku ndi uku kuopa galimoto, n'kuwoloka. Walowa dziko lina, ndipo palibe amene wamufunsa chiphaso. Maliro akagwa tsidya lino, adzukulu ena amachokera tsidya linalo. Mbiri ya mgwirizano wa maiko a chigawo chathu ndiiyambira pamenepa, chifukwa atsogoleri asanakhale pansi n'kusaina mapangano, anthu anali atayenderana kale kwa zaka mazanamazana.

Akuluakulu amasimba kuti makolo a Amaravi anachokera ku Uluwa, m'dziko limene lero ndi Congo. Anapumako pa Choma, ena anafika pa Kaphirintiwa, ndipo Kalonga anakhazika likulu lake ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Pa nkhani ya kulowa ufumu panabuka kusamvana, Undi n'kunyamuka ndi mbumba yake kulowera kumadzulo mpaka anakakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku chigwa cha Shire. Anabalalika choncho koma chibale sichinaduke. Mitulo inkayenda, maukwati ankamangidwa, ndipo chilala chikavuta mafumu a kutali ankatumiza nthumwi ndi nsembe kwa Makewana ku Msinja kapena ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Mvula inali nkhani ya onse, ndipo ankaipempha pamodzi.

Malonda nawo ankalumikiza mitundu. Makasu osulidwa ndi Amang'anja, mchere, nsalu za thonje zolukidwa ku chigwa cha Shire, mkuwa umene Abisa ankabwera nawo kuchokera kumadzulo, minyanga imene Ayao ankapita nayo ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, zonsezi zinkadutsa m'maufumu ambiri, aliyense akulandirapo gawo lake kuti apaulendo adutse mwamtendere. Tisabise, njira zomwezo ndi zimene pambuyo pake zinadutsa akapolo atamangidwa m'magoli. Mu 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pa tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana, ndipo mbumba yawo lero ili ku Mzimba, ku Chipata ndi ku Tanzania, pamene Angoni a Maseko ali ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Angonia. Alomwe anabwera ambiri pambuyo pake, akuthawa nkhanza za Apwitikizi kutsidya kwa phiri la Mulanje.

Malire amene tili nawo anadulidwa ndi anthu amene sanapondepo pa Lizulu. Pangano la Britain ndi Germany la 1890 linaika malire a kumpoto m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi lomwelo limene tikukanganiranabe ndi Tanzania. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linatsata mitsinje ya Ruo ndi Shire komanso mitunda imene imagawa madzi, osafunsa kuti mudzi uli mbali iti, dimba lili mbali iti, manda ali mbali iti. Anthu a Undi anadzuka ali m'maiko atatu. Mpando wa Undi womwe unasamuka kuchoka m'dziko la Apwitikizi m'zaka za m'ma 1930 n'kukakhala ku Katete, kumene kuli Mkaika lero.

Atsamunda anagawa dziko, koma chuma chawo chinkafuna manja a anthu a mbali zonse. Msonkho wa nyumba unkafunika ndalama, ndipo ndalama zinali ku migodi ndi ku mafamu a kummwera. Amuna a ku Nyasaland anayamba ulendo wapansi wopita ku Halale, ku Wankie, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni. Kenako kunabwera Wenela yolemba anthu a ku migodi ya golide, Mthandizi wolemba a ku mafamu a Southern Rhodesia, ndi magalimoto a Ulere amene ankanyamula anthu osalipiritsa. Ena ankabwerako ndi njinga, jekete ndi bokosi la malata. Ena sanabwerenso, ndipo kumudzi ankangowatchula kuti matchona. M'makomboni a kumeneko Mchewa, Mshona, Msena, Mlozi ndi Msotho ankagona chipinda chimodzi, kusonkherana za maliro, kuphunzitsana zinenero. Ndale za ufulu zinamera m'makomboni omwewo. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay ndiye anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito akuda ku Cape Town mu 1919. Bambo ake a Kenneth Kaunda anali mphunzitsi wa mishoni wochokera ku Nyasaland amene anakakhazikika ku Lubwa.

Mgwirizano woyamba wa maboma unali wokakamiza. Mu 1953 Britain anamanga Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu ndi anthu atakana poyera. Amene ankachikometsa ankanena zimene timamvanso lero: msika umodzi, ndalama imodzi, njanji imodzi, ndege imodzi. Damu la Kariba linamangidwadi, koma phindu la mkuwa wa kumpoto ndi thukuta la Anyasa zinkathera ku Salisbury, kumene ulamuliro unali m'manja mwa azungu ochepa. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza kuti zinthu zafika poopsa, anthu anaomberedwa pa doko la Nkhata Bay, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anakatsekeredwa ku Gwelo. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Chinasiya chipsera chimene sitiyenera kuchipeputsa. Kwa mbadwo wonse wa atsogoleri, mawu oti "tiphatikize maiko" ankamveka ngati msampha, ndipo ufulu umene anauvutikira sankafuna kugawanako ndi wina aliyense.

Malawi ndi Zambia analandira ufulu mu 1964, onse awiri opanda doko, onse awiri akuchita malire ndi maulamuliro a azungu. Anasankha njira zosiyana. Ian Smith wa ku Rhodesia atalengeza ufulu wake wa chipongwe mu Novembala 1965, Kaunda anatembenukira kumpoto. Mafuta anayamba kubwera m'migolo pa msewu woipa wochokera ku Dar es Salaam, paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975, maiko a azungu atakana kuthandiza. Lusaka anasanduka kwawo kwa omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia ndi South Africa. Kamuzu anati dziko losauka silingasankhe mnansi. Mu 1967 anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, analandira ngongole yomangira mzinda wa Lilongwe ndi njanji yolumikiza ku Nacala, ndipo mu 1971 anakacheza komweko. Ngakhale ubale umenewu unali ndi malire ake: ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, analetsa kulemba anthu a ku migodi kwa zaka zingapo. Anthu amatsutsanabe ngati njira ya Kamuzu inali nzeru kapena kugulitsa abale. Chimene sichitsutsika n'chakuti anansi anatiyang'ana ndi diso lokayika kwa nthawi yaitali.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Julius Nyerere wa Tanzania, Kaunda ndi Seretse Khama wa Botswana anayamba kukumana kawirikawiri pa nkhani ya Rhodesia. Samora Machel wa Mozambique ndi Agostinho Neto wa Angola analowamo maiko awo atamasuka mu 1975. Gulu limeneli ndi limene linadziwika kuti Frontline States. Linalibe ofesi, linalibe malamulo olembedwa, linalibe mlembi. Atsogoleri ankangoitanana, kutsekera chitseko, kukangana, n'kutuluka ndi mawu amodzi. Mtengo wake unali wowawa. Mozambique atatseka malire ake ndi Rhodesia mu 1976 anataya ndalama za njanji ndi doko la Beira, ndipo asilikali a Smith anapha anthu ambirimbiri ku misasa ya Nyadzonia ndi Chimoio. Mabomba anagwanso m'dziko la Zambia, milatho n'kugumulidwa.

Zimbabwe itayandikira kumasuka, atsogoleriwa anaona kuti mbendera yokha sikwanira ngati sitima iliyonse, thumba lililonse la feteleza ndi foni iliyonse yopita kunja ziyenera kudzera ku South Africa. Mtsogoleri wa dzikolo, P.W. Botha, naye anali akukopa maiko oyandikana nawo kuti alowe m'gulu la chuma lozungulira Pretoria. Nduna zinakumana ku Arusha mu Julaye 1979, ndipo pa 1 Epulo 1980 maiko asanu ndi anayi anasaina chikalata ku Lusaka chokhazikitsa bungwe la mgwirizano pa chitukuko lotchedwa SADCC: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, amene ufulu wake unali utatsala masiku ochepa. Seretse Khama ndiye anatsogolera msonkhanowo, miyezi itatu asanamwalire. Kamuzu sanapiteko. Anatumiza nduna yake Dick Matenje, yemwe uja anadzaphedwa ndi anzake atatu ku Mwanza mu 1983. Kuitana Malawi kunali kuganiza mwakuya. Anansi akanatha kutisiya kunja ngati chilango, koma anadziwa kuti mapu sasintha, ndipo njanji za Beira ndi Nacala sizingapindule popanda katundu wa Malawi.

Oyambitsa SADCC anali ataona mmene mgwirizano wa Kenya, Uganda ndi Tanzania unagwera mu 1977, ndipo Chitaganya anali asanachiiwale. Choncho sanamange likulu lamphamvu. Ku Gaborone kunali kaofesi kakang'ono, ndipo ntchito anagawana ngati mmene amachitira pa dima. Mozambique anatenga za mtengatenga ndi mtokoma, Angola za mphamvu ndi mafuta, Zimbabwe za chakudya, Zambia za migodi, Tanzania za mafakitale, Botswana za kafukufuku wa ulimi ndi matenda a ziweto, Swaziland za maphunziro a ntchito, Lesotho za kusamala nthaka ndi madzi. Malawi anapatsidwa za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire. Aliyense anali ndi kake kogwira, ndipo palibe amene ankamva kuti akulamulidwa. Kufooka kwake kunali kwakuti ndalama zambiri za ntchitozi zinkachokera kwa abwenzi akunja, makamaka maiko a kumpoto kwa Ulaya.

South Africa anayankha ndi moto. Asilikali ake anaukira Matola mu 1981, Maseru mu 1982, Gaborone mu 1985, ndipo mu Meyi 1986 anaphulitsa malo ku Harare, Lusaka ndi Gaborone tsiku limodzi. Ku Angola ankathandiza UNITA, ku Mozambique ankapatsa zida Renamo, ndipo zigawenga zinkalunjika pa chinthu chenicheni chimene SADCC inkafuna kumanga, ndicho njanji. Machel anafika posaina pangano la Nkomati ndi Botha mu 1984, koma nkhondo sinaleke.

Apa mpamene Amalawi anaphunzira ndi thupi lawo kuti nyumba ya mnzako ikamapsa utsi umalowa mwako. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njanji ya Beira, yodzera pa mlatho wa Dona Ana, inali itafa, ya Nacala nayonso itaima. Katundu amene ankayenda makilomita osakwana 700 kuchoka ku Beira kufika ku Blantyre anayamba kuzungulira ku Durban, mtunda wa makilomita oposa 3,000. Mtengo wa feteleza, mafuta ndi mchere unakwera m'golosale ya kumudzi. Madalaivala a mathiraki a nthawi imeneyo amakumbukira msewu wa Tete: kudikira pa Zobue kapena pa Nyamapanda mpaka mdipiti ukwane, asilikali a Zimbabwe kutsogolo ndi kumbuyo, kuyenda osaima ngakhale tayala litaphulika, m'mbali mwa msewu muli zigoba za magalimoto otenthedwa. Boma linayamba kutsegula njira ya kumpoto yodzera ku Karonga, Mbeya mpaka Dar es Salaam, kwa Nyerere yemwe uja tinkakhala naye mokayikirana.

Ndiye kunabwera anthu. Anayamba ndi mabanja ochepa odzapempha malo kwa achibale, koma kuyambira 1986 anasefukira. Ankafika ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi, ena atavala masaka, ena makungwa a mitengo, ana atatupa mimba. Chiwerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene eni ake anali osakwana 10 miliyoni, ndipo ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Mabungwe a chithandizo asanafike, mafumu a m'midzi ndi amene ankaloza malo omangapo zisakasa, amayi n'kugawana ufa ndi ndiwo. Nkhalango zinatha, zitsime zinaphwa, kolera anavuta m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Komabe sikunamveke zoti eni dziko anyamula zikwanje kuthamangitsa alendowo. Pa zonse zimene Malawi anachitapo pa umodzi wa chigawo chino, ine ndimaona kuti chachikulu n'chimenechi, ndipo anachichita ndi anthu osauka amene dzina la SADCC sankalidziwa n'komwe.

Pamwamba zinthu zinali zitaipa. Mozambique ankanena kuti Renamo ikudzera m'Malawi, boma la Malawi likukana. Pa 11 Sepitembala 1986 Machel, Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire n'kuikapo mizinga. Pa 19 Okutobala ndege yake inagwa ku Mbuzini akuchokera ku msonkhano ku Mbala, ndipo achinyamata olusa anaphwanya maofesi a Malawi ku Harare ndi ku Maputo. Maiko awiriwa anafika pakamwa pa nkhondo. Joaquim Chissano atalowa m'malo anasankha kukambirana. Mu Disembala chaka chomwecho panasainidwa pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala, ena n'kutsikira kuli chete komweko.

Chaka cha 1992 chinabweretsa zinthu zitatu. Choyamba chinali chilala choopsa chimene chinapsereza mbewu kuyambira ku Malawi mpaka ku Lesotho. Akatswiri a SADCC a ku Harare anachenjeza msanga, maiko anapempha thandizo ndi mawu amodzi pamodzi ndi United Nations, ndipo madoko, njanji ndi mathiraki a chigawo chonse, kuphatikizapo a South Africa, anagwira ntchito ngati thupi limodzi. Chakudya choposa matani 10 miliyoni chinalowa. Amene analipo amakumbukira nsima yachikasu ija ndi fungo lake lachilendo, mizere ya anthu ndi matumba m'manja. Anthu anavutika, koma imfa za unyinji zimene zinkaopedwa sizinachitike. Chachiwiri, pa 17 Ogasiti ku Windhoek, SADCC inasanduka SADC, bungwe la pangano lomanga maiko mwalamulo, lofuna msika umodzi, mtendere ndi ulamuliro wa demokalase. Namibia anali atalowa kale mu 1990. Chachitatu, pa 4 Okutobala ku Rome, Chissano ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina mtendere, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira misasa ya m'Malawi inayamba kutsala mabwinja.

South Africa analowa mu 1994, mdani wa dzulo n'kukhala m'bale wamkulu wa pa banja. Mauritius anatsatira mu 1995, kenako Congo ndi Seychelles, Madagascar mu 2005, ndipo Comoros anakwanitsa chiwerengero cha maiko 16. Pambali pake panakulanso COMESA, imene inakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994, likulu lake lili ku Lusaka. Malawi ndi Zambia ali m'mabungwe onse awiri.

Mdani wa onse atachoka, kusiyana maganizo kunaonekera. Nthambi ya SADC ya ndale ndi chitetezo itakhazikitsidwa mu 1996, Mugabe ankaiyendetsa ngati bungwe loima palokha, monga zinkakhalira masiku a Frontline States. Nelson Mandela, amene anali wapampando wa SADC, sanagwirizane nazo, ndipo pa msonkhano wa ku Blantyre mu 1997 anafika ponena kuti atula pansi udindo. Chaka chotsatira mng'aluwo unakula. Angola, Namibia ndi Zimbabwe anatumiza asilikali ku Congo kukateteza Laurent Kabila, pamene ena ankafuna zokambirana, zimene Frederick Chiluba anatsogolera mpaka pangano la ku Lusaka la 1999. Mu Sepitembala 1998 asilikali a South Africa ndi Botswana analowa mu Lesotho, anthu anafa, masitolo a mu Maseru n'kupsa. Mkanganowu unadzathera ku Blantyre konkuno: pa 14 Ogasiti 2001, Bakili Muluzi akulandira alendo, atsogoleri anasaina pangano loika nthambiyo pansi pa msonkhano waukulu, upampando wake n'kumasinthana chaka ndi chaka. Nthawi yomweyo ntchito zija zimene maiko anagawana zinasonkhanitsidwa ku Gaborone.

Kuyambira pamenepo SADC yakhala ngati nkhoswe ya chigawo. Thabo Mbeki anayanjanitsa Mugabe ndi Morgan Tsvangirai mpaka boma la mgwirizano litapanganidwa mu Sepitembala 2008. Madagascar anaimitsidwa mu 2009 boma litalandidwa, Chissano n'kuyenda maulendo ambiri mpaka chisankho cha 2013. Ku Lesotho nthumwi zapitako kambirimbiri. Mkangano wa nyanja utabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, Malawi ndi Tanzania anaupereka kwa atsogoleri opuma, Chissano, Mbeki ndi Festus Mogae. Sunathe, koma mfuti sinalire. Vuto la nkhoswe imeneyi n'lakuti imaopa kudzudzula mwini nyumba. Bwalo la milandu la SADC la ku Windhoek litagamula mu 2008 kuti boma la Zimbabwe linalakwira alimi amene linawalanda minda, Zimbabwe anakana chigamulocho, ndipo atsogoleri m'malo moteteza bwalo lawo analiimitsa mu 2010, kenako n'kugwirizana kuti munthu wamba asamakasumenso kumeneko. Kumeneku kunali kulakwa kwakukulu. Khomo lokhalo limene mlimi, wamalonda kapena mtolankhani woponderezedwa kwawo akanagogodapo linatsekedwa ndi anthu omwewo amene akanasumiridwa.

Pa chuma malonjezo anathamanga kuposa miyendo. Pangano la malonda linasainidwa ku Maseru mu 1996, msika wopanda msonkho pa katundu wambiri unatsegulidwa mu 2008, koma msonkho umodzi wa pa malire umene unkayembekezeka mu 2010 ndi ndalama imodzi ya mu 2018 sizinaoneke. Malonda a pakati pa maiko a SADC amangozungulira pa gawo limodzi mwa magawo asanu a malonda awo onse, ndipo ambiri mwa iwo ndi katundu wa South Africa wopita kumpoto. Masitolo athu adzaza ndi zake, ife tikutumizabe fodya, tiyi, shuga ndi anthu. Zogwirika zilipo ndithu. Maiko akhala akugulitsana magetsi kuyambira 1995, ndipo ntchito yolumikiza Malawi kudzera pa nthambo zochokera ku Matambo kufika ku Phombeya inayambika. Njanji yatsopano yochokera ku Moatize imadutsa m'dziko muno kupita ku Nacala. Mlatho wa Kazungula unatsegulidwa mu 2021, ndipo pa Mwami ndi Mchinji kuyambira 2022 wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri.

Koma kafunseni mayi wa geni amene amakwera basi ya ku Joni pa Wenela mu Blantyre, malo amene dzina lake likukumbutsabe maulendo a agogo ake. Adzakuuzani za Mwanza, Zobue, Cuchamano, Nyamapanda ndi Beitbridge, za kutsitsa zikwama usiku, za masiku owerengeka amene amadindidwa m'pasipoti, za ndalama ya m'manja imene amakakamizidwa kupereka kuti katundu adutse. Pangano lofewetsa maulendo a anthu linasainidwa mu 2005, koma maiko akhala akuzengereza kulivomereza. Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo ku South Africa, ndipo mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban. Amozambique, Azambia ndi Azimbabwe, amene maiko awo anaphulitsidwa chifukwa chosunga omenyera ufulu a dziko lomwelo, anathamangitsidwa limodzi nafe. Ku Zimbabwe zidzukulu za matchona zinakhala zaka zambiri zikutchedwa alendo m'dziko limene zinabadwira, mpaka malamulo a 2013 anazipatsa unzika, n'kuikanso Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma.

Magazi nawo akhetsedwa. Mu 2013, chaka chimene Joyce Banda analandira upampando wa SADC ku Lilongwe, asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anapanga gulu lapadera pansi pa United Nations limene linathandiza kugonjetsa zigawenga za M23 kummawa kwa Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni. Mu 2021, chaka chimene Lazarus Chakwera anakhala wapampando, SADC inatumiza asilikali ku Cabo Delgado, ndipo anakhalako mpaka 2024. Ulendo wa ku Congo umene unayamba mu Disembala 2023 unatha moipa. M23 inalanda Goma mu Januwale 2025, Amalawi atatu anali m'gulu la ophedwa, ndipo mu Malichi atsogoleri analamula kuti asilikali abwerere. Anyamata anatumizidwa ku nkhondo yaikulu kuposa zida ndi ndalama zimene maiko anasonkha, ndipo mabanja a ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Salima ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake.

Zakale zija sizinafe. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, kupereka mitulo ndi kufotokoza za madera awo, Gule Wamkulu akutimba fumbi. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatuwa, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala pamodzi pa mwambowu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri a Soche ndi Mulanje mu Malichi 2023, ndege za Tanzania ndi Zambia zinali m'gulu la zoyamba kufika kwa anthu amene anatsekerezedwa ndi madzi.

Kumapeto kwa 2024 chisankho cha ku Mozambique chinabala ziwawa. Mathanki a mafuta ochokera ku Beira anavutika kudutsa, ndipo mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre inatalikiratu. Pa Khirisimasi mabwato anayamba kuwoloka Shire ndi Ruo atadzaza amayi, ana, mbuzi ndi mitolo ya zovala. Anthu zikwizikwi anafika ku Nsanje ndi Chikwawa, m'chaka chimene eni mudzi nawo anali pa njala chifukwa cha ng'amba. Anagona m'masukulu ndi m'makonde a achibale, akulankhula Chisena ndi Chimang'anja chomwecho cha owalandira. Boma litafuna malo owasungira linawapititsa ku Nyamithuthu, ndipo ena mwa akuluakulu amene anatsika m'malole tsiku limenelo ankaloza pamene panali zisakasa za makolo awo zaka makumi atatu zapitazo.